Bandi Yopanda Bwana

Ambiri a ife muno m'sukulu timakonda nyimbo za pa wailesi, koma ndi owerengeka amene anaonapo ndi maso bandi ikuyimba. Tsono ndifuna kulongosola m'mene zimakhalira, makamaka za oyimba amene Azungu amawatcha "indie", pakuti anyamata ena m'nyumba yathu yogona amayesa kuti zimenezi ndi nyimbo za Amwenye.

Dzinali lichokera ku liwu la Chingerezi lotanthauza kudziyimira pawekha. Ku Mangalande kunali makampani akuluakulu ojambula nyimbo, ndipo woyimba amene iwo sanamufune ankangokalamba ndi gitala lake m'nyumba. Mu 1977 anyamata anayi a ku Manchester, a gulu la Buzzcocks, anabwereka ndalama kwa abale ndi abwenzi, najambulitsa okha kachimbale ka nyimbo zinayi kotchedwa Spiral Scratch, nakagulitsa okha. Ena ataona kuti n'zotheka anachita chimodzimodzi. Popeza ambiri a iwo ankayimba rock ya magitala, dzinalo linadzasanduka dzina la mtundu wa nyimbo.

Kuno kwathu oyimba ambiri ndi otere ngakhale sadzitcha choncho, chifukwa alibe bwana wowalipira pakutha pa mwezi. Muno mu Mzuzu momwe munachokera gulu la Body Mind and Soul la Davie Luhanga, amene anthu amamudziwa kuti Street Rat. Iwowa anasakaniza ng'oma za makolo ndi jazi, napambana mpikisano wa Music Crossroads mu 2007, ndipo chaka chotsatira anakayimba ku Ulaya. Munonso ndimo munkakhala Wambali Mkandawire, amene anamwalira mu 2021.

Pa tchuthi chapitachi achimwene anga, amene akuphunzira pa Mzuzu University ku Luwinga, ananditenga kukaona anyamata asanu a mumzinda muno akuyimba masana m'holo ina. Tinafika msanga, kotero ndinaona ntchito imene anthu ambiri saiona. Oyimba eni ake ndiwo anatsitsa masipika pa galimoto, nayala mawaya, nakunga nsambo za magitala. Pambuyo pake anayamba kuyesa zida chimodzichimodzi: ng'oma poyamba, kenaka besi, kenaka magitala awiri, potsiriza mawu. Kumbuyo kwa holo kunakhala munthu wina patebulo la mabatani ambirimbiri. Ameneyu sayimba ndipo palibe womuwombera m'manja, koma ndiye amagawira chida chilichonse mphamvu yake. Akalakwitsa iye, woyimba angakhale wa mawu okoma chotani, inu mudzangomva phokoso ndi kulira kwa maikolofoni koboola m'makutu.

Nyimbo ya pa wailesi imalowa m'khutu mokha, koma ya pa nsanja imalowa thupi lonse. Besi ndinaimva m'chifuwa ngati munthu akusinja pafupi nane. Ndiponso nyimboyo siikhala ndi malire: anthu akaikonda, oyimba amaitalikitsa, wa gitala nayamba kuyendayenda m'njira zake, wotsogolera natembenuza mawu kuchoka m'Chichewa kulowa m'Chitumbuka, holo yonse n'kumamuyankha. Pakati pa nyimbo ina magetsi anazima. Magitala onse anangoti zii, pakuti popanda magetsi ali ngati mitengo chabe. Koma wa ng'oma sanaleke. Anatembenukira ku kaombedwe konga ka vimbuza, anthu nayamba kuwomba m'manja, mpaka jenereta inalira. Kwa ine pamenepo ndi pamene panakoma koposa, ngakhale achimwene akuti ndilibe khutu la magitala.

Tsono nali gawo limene ndifuna anzanga alimvetse. Ndalama imene tinapereka pakhomo ndiyo malipiro onse a anyamata aja. Pa ndalama yomweyo ayenera kulipira mwini holo, mwini masipika ngati ndi obwereka, galimoto, mafuta a jenereta, alonda ndi mapepala olengeza amene anamata m'mitengo ku Katoto ndi ku Chibavi. Zotsala ndizo amagawana asanu. Kale oyimba ankadalirako makaseti ndi zimbale, koma lero nyimbo timangopatsana pa foni osalipira kanthu, ngakhale kuti bungwe la COSOMA lakhala likuteteza ntchito za oyimba kuyambira mu 1992. Tsiku limenelo ndinaona anyamata anayi, ovala bwino ndithu, akulowera pa windo la kuseri. Anavina kuposa tonsefe, ndipo ndiwo ankafuula kwambiri kuti nyimbo ibwerezedwe. Muno m'sukulu timamutcha wochenjera munthu wotere. Ine ndiyesa kuti sasiyana ndi wothyola chimanga m'munda wa mwini, kenaka n'kumayamika kuti chatsekemera.

Nyimbo zitatha ndinapempha achimwene kuti tikhalire pang'ono. Holo itatsala yopanda anthu, wotsogolera anakhala pa sipika, nakhuthula kachikwama ka pakhomo, nayamba kupatula timilu: aka ka holo, aka ka galimoto, aka ka mafuta. Sindinawerenge, koma kamulu kotsiriza kanali kochepa kuposa tonse. Kunja kunali kutayamba kamvula kowaza ka Mzuzu, ndipo wa besi anavula jekete lake nakutira gitala asanakwere pa galimoto.