Cifuwa Cacikuru Cogwira Anthu M'cipatala

Munthu akapita ku cipatala amapita kukafuna moyo, ndipo palibe amene amaganiza kuti angabwereko ndi nthenda yoposa imene anapita nayo. Koma madokotala ofufuza za cifuwa cacikuru atsimikiza kuti zotere zimacitika, ndipo apezanso njira zoziletsera. Nkhani yace inamveka pa dziko lonse kucokera ku Tugela Ferry, m'boma la Msinga, m'cigawo ca KwaZulu-Natal ku South Africa.

IMFA ZODABWITSA

Ku Tugela Ferry kuli cipatala cochedwa Church of Scotland Hospital, ca mabedi oposa 300, cimene cimathandiza anthu a m'midzi ya m'mapiri a kumeneko. Kuciyambi kwa caka ca 2005 Dr. Tony Moll ndi anzace anaona cinthu cowazunguza mutu. Odwala ena amene anali ndi kacirombo ka HIV pamodzi ndi cifuwa cacikuru anali kumwa mankhwala a ARV mokhulupirika, ndipo mankhwalawo anali kugwira nchito yace. Komabe cifuwaco sicinali kumva mankhwala, ndipo anthuwo anali kufa msanga msanga.

Pothandizana ndi madokotala a ku America, ena a iwo Dr. Neel Gandhi ndi Prof. Gerald Friedland wa ku sukulu yaikuru ya Yale, iwo anayamba kuyeza makhololo a odwala. Kuyambira mu January 2005 kufikira mu March 2006 anayeza anthu 1,539. Mwa amenewa, 221 anapezeka ndi tizirombo tosamva isoniazid ndi rifampicin, ndiwo mankhwala awiri amphamvu amene madokotala amayamba nao pociza nthendayi. Pakati pa 221 aja panali 53 amene tizirombo tao tinakana mankhwala onse 6 amene anayesedwa. Nthenda yotere anaicha XDR.

Mwa anthu 53 amenewa, 52 anamwalira. Theka la amene tsiku la imfa yao linadziwika anafa pasanapite masiku 16 cipezekere nthendayo, ndipo ambiri anaikidwa m'manda zotsatira za makhololo ao zisanabwere, pakuti kulera tizirombo m'nyumba yoyezera kunali kutenga masabata ambiri. Onse 44 amene anayezedwa magazi anali ndi HIV. Zimenezi zinalengezedwa pa msonkhano wa za Edzi ku Toronto mu August 2006, nizilembedwa m'magazini ya madokotala yochedwa The Lancet caka comweco.

MLANDU UNALI WA YANI?

Kufikira nthawi imeneyo ambiri anali kunena kuti cifuwa cosamva mankhwala cimagwira munthu wamphwayi, wosiya mapiritsi panjira. Nzoona kuti kumwa mankhwala modukiza kumalimbitsa tizirombo. Koma ziwerengero za ku Tugela Ferry zinanena zina. Mwa odwala 47 amene mbiri yao inadziwika, 26 anali asanalandirepo mankhwala a cifuwa cacikuru cibadwire. Mwa 42, anthu 28 anali atagonapo m'cipatala posacedwa. Ndipo poyeza mtundu wa tizirombo ta anthu 46, kunapezeka kuti 39 anali ndi tizirombo tofanana, monga ana a mimba imodzi.

Tanthauzo lace linali loonekeratu. Anthu ambiri sanaipange okha nthendayo; anaitenga kwa anzao ili yolimba kale, ndipo malo amodzi otengerako anali zipinda zazikuru za m'cipatala, m'mene wotsokomola ndi wofooka magazi anali kugona moyandikana usiku wonse. Anchito a m'cipatala nao sanapulumuke, pakuti ena a iwo anali pakati pa akufawo. M'caka ca 2017 Dr. Sarita Shah ndi anzace analengeza za odwala XDR 404 a m'cigawo conse ca KwaZulu-Natal, ndipo 69 pa 100 alionse anali asanacizidwepo cifuwa cosamva mankhwala. Ndiko kuti anacita kupatsiridwa.

MBIRA PA DENGA

Kuti nthendayi imayenda m'mpweya kunatsimikizidwa kale ku Baltimore, ku America, m'zaka za m'ma 1950. Dr. Richard Riley anatenga mpweya woturuka m'cipinda ca odwala cifuwa, naupititsa m'mipope kufikira ku makola a mbira amene anali pamwamba pa nyumbayo. Mbirazo sizinakhudzane ndi wodwala ali yense, sizinadye naye mbale imodzi, koma zina zinagwidwa ndi nthendayo. Wodwala akatsokomola amaturutsa timadontho tating'ono tosaoneka, timene timayandama m'nyumba kwa maola angapo. Iye anaonanso kuti odwala amene ayamba kumwa mankhwala oyenera sapatsira kwambiri monga amene sanayambe.

Nzeru yomweyo inatsatidwa ku Witbank, kumene tsopano kumachedwa eMalahleni, ku South Africa. Kumeneko odwala cifuwa cosamva mankhwala anali kuvala kansaru kophimba pakamwa ndi mphuno tsiku lina, tsiku lina osavala, ndipo mpweya wa masiku awiriwo unali kupita ku makola osiyana. Zotsatira zace, zolengezedwa mu 2012, zinaonetsa kuti kansaruko kanacepetsa kupatsirana ndi magawo 56 pa 100.

Ku Lima, m'dziko la Peru, Dr. Roderick Escombe anayeza kayendedwe ka mphepo m'zipatala 8, nalengeza mu 2007 kuti kutsegula mazenera ndi zitseko kunali kusintha mpweya wa m'cipinda ka 28 pa ola limodzi. Nyumba zakale, za denga lalitali ndi mazenera akuru, zinali kusintha mpweya ka 40, pamene zomangidwa pambuyo pace zinali kusintha ka 17 kokha. Cinthu cosagula ndi ndalama cinapezeka kuti ndi chinjirizo lamphamvu.

ZIMENE ZASINTHA

Ku Tugela Ferry anatenga maphunziro amenewa nawagwiritsa nchito. Anaika anthu ofunsa za kutsokomola pa mizere ya odwala, kuti wotsokomola apatulidwe ndi kuyezedwa msanga. Analamula kuti mazenera akhale otsegula. Anamwino anapatsidwa zophimba kumaso zolimba. Kuyambira mu 2008 odwala ambiri a cifuwa cosamva mankhwala analandira cithandizo ali kwao, anamwino akuwayendera m'midzi ndi jakisoni, m'malo mowaunjika m'cipatala miyezi yambiri.

Mu December 2010 bungwe la za umoyo pa dziko lonse, World Health Organization, linabvomereza makina ochedwa GeneXpert, amene amayeza makhololo m'maola awiri, nanena ngati tizirombo tilipo ndiponso ngati timamva rifampicin. Cimene cinali kudikiridwa masabata tsopano cingadziwike tsiku lomwelo.

Mankhwala nao asintha. Kale wodwala wotere anali kucizidwa miyezi 18 kufikira 24, ndi jakisoni wa tsiku ndi tsiku amene anagonthetsa anthu ambiri m'makutu. Kuyambira mu 2015 madokotala a ku Johannesburg, Cape Town ndi Durban anayesa mankhwala atatu akumwa, bedaquiline, pretomanid ndi linezolid, kwa miyezi 6, pa odwala 109 amene mankhwala ena anali atawakanika. Mu 2020 Dr. Francesca Conradie ndi anzace analengeza kuti 98 a iwo anacira. Mankhwalawa ali ndi zowawa zace: ambiri anamva dzanzi ndi kuyaka m'mapazi, ena magazi anacepa, cifukwa ca linezolid, ndipo kufufuza kotsatira kunacepetsa muyeso wace. Mu 2022 World Health Organization inalangiza maiko kuti acize odwala ambiri otere kwa miyezi 6, poonjezapo moxifloxacin kumene tizirombo timaimva.

KWA MUNTHU WA PA NCHITO

Zimenezi siziyenera kuopsa munthu kuti athawe cipatala, pakuti woopsa koposa onse ndiye wotsokomola amene sanayezedwe, ndipo iye ali m'basi, m'komboni ndi m'cipinda cogona anthu ambiri monganso m'cipatala. Wanchito amene watsokomola masabata awiri, kapena akuonda ndi kuturuka thukuta usiku, acita bwino kupempha tsiku kwa kapitao ndi kukapereka makhololo. Kutaya malipiro a tsiku limodzi nkwapafupi kusiyana ndi kugona miyezi, ana akusowa cakudya. Amene ali ndi HIV asadikire ngakhale masabata awiriwo. Akafika pa mzere anene msanga kuti akutsokomola, ndipo akapatsidwa kansaru abvale wopanda manyazi. Wodwazika m'bale wace asatseke zenera cifukwa ca mphepo. Amfunditse bulangeti lina. Woyamba mapiritsi awamalize onse, ndipo maso akasanduka acikasu abwerere kwa dokotala tsiku lomwelo, pakuti ena a mankhwalawa amabvuta ciwindi.

Akuru anati cakudza siciyimba ng'oma, ndipo tizirombo ta m'mpweya timadza mwakacetecete cotero. Koma tsopano njira yao ikudziwika, ndipo wotsegula zenera waitseka.