Voti imaponyedwa bwanji? Njira za ku Tsangano ndi ku Macanga, ndi za kutsidya kwa malire

Pa msika wa Biri-Biri, pomwe boma la Tsangano limakhudzana ndi boma la Ntcheu ku Malawi, anthu a mbali zonse ziwiri amagulitsana kachewere, kabichi ndi tomato m'chilankhulo chimodzi. Ambiri ndi pachibale, ena munda uli uku nyumba ili uko. Koma ikafika nthawi ya chisankho, aliyense amatsata malamulo a dziko lake, ndipo malamulowo safanana. Ku Mozambique chisankho chachikulu chinachitika pa 9 Okutobala 2024, ku Malawi pa 16 Sepitembala 2025. Nkhani za zisankho zonse ziwiri zimamveka pa wailesi zomwezo, choncho n'zosavuta kusakaniza za uku ndi za uko. Wosakanizayo amatha kuyenda mtunda wautali n'kukabwezedwa pakhomo, kapena voti yake n'kuikidwa pa mulu wa zowonongeka.

Zimayambira pa kalembera

Zisankho za ku Mozambique zimayang'aniridwa ndi bungwe la CNE, ndipo ntchito yolemba anthu, kuphunzitsa ogwira ntchito ndi kunyamula katundu imagwiridwa ndi STAE. Wovota ayenera kukhala nzika ya Mozambique ya zaka 18 kapena kuposerapo, yolembedwa m'kaundula. Mu 2024 kalembera anachitika kuyambira pa 15 Malichi mpaka pa 28 Epulo, nthawi imene alimi a fodya ku Furancungo ndi ku Chidzolomondo amakhala otanganidwa m'zigafa. Amene anazengereza masiku amenewo sanathe kuvota mu Okutobala.

Polembetsa munthu amajambulidwa, amadinda zala, ndipo amalandira khadi lotchedwa cartão de eleitor. Amene alibe chiphaso chilichonse angathe kulembedwa ngati anthu awiri olembedwa kale m'deralo, kapena mfumu ya m'mudzi, amuchitira umboni. Malo amene munthu walembetsera ndi omwe amakavotera. Wolembetsa pa sukulu ya ku Ntengo-wa-Mbalame sangakavote ku Furancungo chifukwa choti tsikulo lamupeza kumeneko pa ganyu. Kaundula amakonzedwanso zisankho zatsopano zikamayandikira, choncho kusunga khadi lakale sikokwanira.

Mapepala atatu, mabokosi atatu

Malo ovotera amatsegulidwa 7 koloko m'mawa ndipo amatsekedwa 6 koloko madzulo, koma amene ali kale pa mzere nthawi yotseka amavotabe. Chipinda chilichonse chimakhala ndi tebulo lake, lomwe anthu amalitchula kuti mesa, ndi kaundula wa anthu osapitirira 800. Pa mesa pamakhala anthu asanu ndi awiri: wapampando, wachiwiri wake, mlembi ndi owerengera anayi. Pambali pamakhala nthumwi za zipani.

Wovota akalowa amaonetsa manja kuti aone ngati alibe inki, kenako amapereka khadi. Dzina likapezeka m'kaundula, wapampando amamupatsa mapepala atatu. Loyamba ndi la mtsogoleri wa dziko, lokhala ndi mayina ndi zithunzi za opikisana. Mu 2024 panali anthu anayi: Lutero Simango, Daniel Chapo, Venâncio Mondlane ndi Ossufo Momade. Lachiwiri ndi la aphungu a Assembleia da República, lachitatu la Assembleia Provincial. Pa mapepala awiriwa munthu amasankha chipani poona dzina ndi chizindikiro chake.

Wovota amalowa yekha m'kachipinda kobisika, amachonga, amapinda pepala lililonse panayi, n'kudzaponya lililonse m'bokosi lake. Pomaliza amaviika chala mu inki yosafufutika msanga ndipo amabwezeredwa khadi. Palibe lamulo loti mapepala onse atatu apite ku chipani chimodzi.

Cholembera kapena chala

Lamulo limalola njira ziwiri zochongera. Wodziwa kugwira cholembera amalemba X m'kabokosi koyang'anizana ndi amene wamusankha. Amene sanazolowere cholembera amadinda chala pa inki ya m'kachipindamo n'kuchidinda m'kabokosi komweko. Njira zonse ziwiri mphamvu yake ndi yofanana.

Apa m'pamene mavoti ambiri a kumudzi amawonongekera. Pepala lochongedwa m'mabokosi awiri, lolembedwapo mawu, lojambulidwapo kapena long'ambidwa limakhala voto nulo, ndipo silipita kwa aliyense. Wodinda chala akapinda pepala inki isanaume, kapena akaligwira ndi chala chonyowacho, chidindo chachiwiri chimatha kuoneka pa dzina la munthu wina. Kudikira pang'ono ndi kupukuta chala kumapulumutsa voti. Pepala loponyedwa losachongedwa limatchedwa voto em branco, ndipo nalonso silithandiza chipani chilichonse.

Ofunika thandizo, ndi ovota kwina

Munthu wosaona, kapena wolumala moti sangathe kuchonga yekha, amaloledwa kulowa ndi mnzake wolembetsa amene wadzisankhira yekha. Womuthandizayo ayenera kuchonga zimene mwini wake wanena ndi kusunga chinsinsi. Amayi oyembekezera, okalamba, odwala ndi olumala amapatsidwa mwayi wovota osadikira pa mzere.

Amene wataya khadi asakhale pakhomo. Ngati dzina lake lili m'kaundula wa pa mesa yake, angathe kuvota poonetsa chiphaso china chokhala ndi chithunzi, monga BI kapena pasipoti. Pali gulu lochepa lololedwa kuvota pamalo pomwe silinalembetsere chifukwa cha ntchito ya tsikulo: ogwira ntchito pa mesa, nthumwi za zipani, apolisi olondera, atolankhani ndi oyang'anira chisankho ovomerezeka.

Kupatula pamenepo, lamulo la Mozambique limati voti ndi ya munthu mwini, ndipo ayenera kufika yekha. Mwamuna sangavotere mkazi wake, mwana sangavotere kholo lodwala, ndipo kulibe kuvota kudzera pa kalata kapena kuvoteratu tsiku lisanafike. Ku South Africa n'kosiyana: okalamba ndi odwala amene apempha amayenderedwa kunyumba ndi ogwira ntchito za chisankho masiku awiri chisankho chisanachitike.

Amene ali kunja kwa dziko

Kuyambira mu 2004, nzika za Mozambique zokhala kunja zimavota. Mu 2024 kalembera anachitika ku Malawi, Zambia, Zimbabwe, South Africa, Eswatini, Tanzania ndi Kenya, komanso ku Portugal ndi Germany. Wolembetsa kunja amalandira mapepala awiri okha, la mtsogoleri wa dziko ndi la aphungu. Mwa mipando 250 ya Assembleia da República, umodzi umaimira okhala m'maiko a mu Africa, wina okhala kwina konse. Choncho mwana wa ku Macanga amene akugwira ntchito ku Lilongwe kapena ku Johannesburg ali ndi njira ziwiri: kulembetsa komwe aliko n'kusiya voti ya chigawo, kapena kulembetsa kwawo n'kudzabwerako tsiku lovota. Kulembetsa kawiri ndi mlandu. Nzika ya Malawi yokhala ku Tsangano ilibe mwayi wotere, chifukwa Malawi sakhazikitsa malo ovotera kunja kwa dziko.

Voti ikaponyedwa imapita kwa yani

Apa ndi pomwe maiko awiriwa amasiyana kwambiri. Ku Malawi dziko linagawidwa m'madera 229, dera lililonse ndi phungu wake, ndipo wopeza mavoti ambiri kuposa anzake ndiye wapambana ngakhale atawaposa ndi voti imodzi. Anthu a ku Ntcheu amamudziwa phungu wawo ndi dzina.

Ku Mozambique chigawo chonse ndi dera limodzi. Chipani chilichonse chimakonza mndandanda wa mayina, ndipo mipando imagawidwa molingana ndi mavoti amene chipanicho chapeza. Chigawo cha Tete chinali ndi mipando 21 mu 2019 ndi mipando 23 mu 2024, chifukwa chiwerengerochi chimatsata kuchuluka kwa olembetsa. Voti ya ku Tsangano imaphatikizidwa ndi za ku Zumbo, ku Changara ndi ku Mutarara. Chipani chopeza pafupifupi theka la mavoti chimatenga pafupifupi theka la mipando, kuyambira dzina loyamba pa mndandanda kutsika m'munsi. Ubwino wake ndi woti voti yopita ku chipani chochepa mphamvu m'mudzi mwakutimwakuti imawerengedwabe pa chigawo. Kuipa kwake ndi koti palibe phungu amene lamulo limamutcha wa Tsangano kapena wa Macanga, woti alimi angamufunse za msewu kapena za mtengo wa fodya.

Pepala lachitatu lili ndi ntchito ziwiri. Kuyambira mu 2019, munthu woyamba pa mndandanda wa chipani chopambana ndiye amakhala bwanamkubwa wa chigawo. Umu ndi mmene Domingos Viola wa Frelimo anakhalira bwanamkubwa wa Tete. Kale bwanamkubwa ankasankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko. Administrador wa boma sasankhidwa pa voti, ndipo zisankho za maboma zomwe zinkayembekezeka mu 2024 zinaimitsidwa malamulo aakulu a dziko atasinthidwa mu 2023. Komanso Tsangano ndi Macanga alibe município, n'chifukwa chake pa 11 Okutobala 2023 anthu a ku Ulongué, Moatize, Tete, Nhamayábuè ndi Chitima anavota pomwe maboma awiriwa anali duu.

Pa mpando wa mtsogoleri wa dziko, maiko atatu oyandikanawa tsopano amafanana: wopambana ayenera kupitirira theka la mavoti, apo ayi awiri otsogola amabwereza. Mozambique yakhala ikutero kuyambira 1994, Zambia kuyambira 2016, ndipo Malawi kuyambira 2020, khoti litafafaniza chisankho cha mu Meyi 2019.

Njira zakale ndi za kwina

Kuvota mobisa sikunayambe kale. Mu 1977, pansi pa chipani chimodzi, anthu a m'midzi ya Mozambique ankasankha owaimira pa msonkhano wa pabwalo pokweza manja, aliyense akuona. Ku Kenya mu 1988 anthu ankaima pa mzere kumbuyo kwa chithunzi cha munthu amene akumufuna, ndipo njirayi inasiyidwa anthu atadandaula za kuopsezedwa ndi kubera.

Akuluakulu amene anathawira nkhondo ku Dedza ndi ku Ntcheu amakumbukira za pa 14 Juni 1993, pamene Amalawi anasankha pakati pa nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, ndi tambala wakuda wa chipani chimodzi. Ambiri mwa othawawo anabwerera kwawo mgwirizano wa mtendere wa ku Roma wa pa 4 Okutobala 1992 utasainidwa, ndipo anavota koyamba kuyambira pa 27 mpaka 29 Okutobala 1994, pamene Joaquim Chissano anapambana Afonso Dhlakama. Zisankho za 1999 ndi 2004 zinachitika mu Disembala, mvula itayamba ndipo anthu ali m'minda. Kuyambira 2009 kuvota ndi kwa tsiku limodzi, m'mwezi wa Okutobala, misewu isanaterere.

Maiko ena amachita mwanjira yawo. Ku Gambia wovota amapatsidwa kampira kagalasi n'kukaponya mu mgolo wopakidwa utoto wa amene akumufuna, ndipo belu limalira kuti asaponye kawiri. Ku Brazil anayamba kuvota pa makina mu 1996, ndipo India nayo imagwiritsa ntchito makina. Namibia inayesa makina mu 2014 ndi mu 2019, kenako inabwerera ku mapepala. Ku Estonia, kuyambira 2005, munthu angathe kuvota pa intaneti ali kunyumba. Zambia mu 2021 inalola akaidi kuvotera m'ndende.

Kuwerenga ndi kudandaula

Njira iliyonse imadalira kuwerenga koona. Ku Mozambique mavoti amawerengedwa m'chipinda momwe aponyedwera, usiku womwewo. Asanatsegule mabokosi, inki ndi zolembera zimachotsedwa pa tebulo kuti wina asawononge pepala la mnzake. Pepala lililonse limaonetsedwa ndi kutchulidwa mokweza pamaso pa nthumwi za zipani. Zotsatira zimalembedwa pa chikalata chotchedwa edital, chomwe chimamatidwa pakhomo kuti aliyense awerenge, ndipo nthumwi iliyonse ili ndi ufulu wolandira chake chosainidwa. Kuchoka apo ziwerengero zimapita ku boma, ku chigawo, ku CNE, ndipo mawu omaliza ndi a Conselho Constitucional.

Mu 2024 mkangano unabuka panjira imeneyi. Zipani zotsutsa zinakana zotsatira, ndipo oyang'anira ochokera ku European Union ananena kuti anaona ziwerengero zikusinthidwa popanda chifukwa pa mesa zina ndi m'maboma ena. Anthu anafunsanso chifukwa chake chiwerengero cha mavoti m'mabokosi atatu chinkasiyana m'madera ena, pomwe wovota aliyense amalandira mapepala atatu nthawi imodzi. Conselho Constitucional inalengeza pa 23 Disembala 2024 kuti Daniel Chapo wapambana, ndipo analumbira pa 15 Januwale 2025, dziko lili pa zionetsero zomwe zinaphetsa anthu ambiri.

Lamulo limapereka njira yodandaulira, koma nthawi yake ndi yochepa. Wovota kapena nthumwi ikaona cholakwika, dandaulo liyenera kulembedwa pa mesa pomwepo, ndipo apilo imapita ku khoti la boma pasanathe maola 48 edital itamatidwa. Kwa anthu a m'midzi yakutali ndi Furancungo kapena likulu la Tsangano, maola amenewa amathera panjira, choncho edital yosainidwa ndi dandaulo lolembedwa usiku womwewo ndiye umboni umene umagwira ntchito.

Zisankho za ma município zikuyembekezeka mu 2028, ndipo chisankho chachikulu mu 2029. Malamulo a chisankho akhala akusinthidwa pafupifupi nthawi iliyonse chisankho chikayandikira, ndipo ali m'gulu la nkhani zomwe zikukambidwa pa zokambirana za dziko lonse zomwe zinayamba mu 2025. Masiku a kalembera watsopano ndi malo olembetsera adzalengezedwa ndi CNE ndi STAE kudzera pa wailesi, kwa mafumu ndi m'masukulu a m'maboma onse awiri.