Mmene Mapu Amasonyezera Mapiri ndi Zigwa

Pepala ndi lathyathyathya, pomwe dziko lili ndi mapiri, zitunda ndi zigwa. Pofuna kusonyeza zimenezi, ojambula mapu amagwiritsa ntchito mizere yofiirira imene pa Chingerezi imatchedwa contour lines. Mzere uliwonse umalumikiza malo amene ndi okwera mofanana, poyeza kuchokera pamwamba pa madzi a nyanja yamchere. Wophunzira amene anaona akalozera m'munda sangavutike kumvetsa, pakuti kalozera nayenso amayenda mopingasa phiri, osakwera ndiponso osatsika.

Kusiyana kwa kukwera pakati pa mzere ndi unzake kumakhala kumodzimodzi papepala lonse, ndipo kumalembedwa m'mphepete mwa mapuwo. Choncho chofunika kuyang'ana ndicho kutalikirana kwa mizere. Ikathithikana, malowo ndi otsetsereka kwambiri, monga m'mbali mwa phiri la Mulanje. Ikatalikirana, malowo ndi achidikha, monga ku Chigwa cha Shire. Mwachitsanzo, pamapu a sikelo ya 1:50,000, sentimita imodzi imayimira mamita 500. Ngati mizere ikusiyana ndi mamita 20, ndipo m'sentimita imodziyo muli mipata isanu, ndiye kuti woyenda adzakwera mamita 100 pamtunda wa mamita 500.

Mizere yozungulira, ina m'kati mwa inzake, kawirikawiri imasonyeza phiri. Podutsa mtsinje, mizereyi imapindika ngati lemba la V, ndipo nsonga yake imaloza kumene madzi akuchokera. Pamwamba penipeni pa phiri pamaikidwa kadontho kapena kachizindikiro ka ngodya zitatu, pamodzi ndi nambala.

Alembi ndi aphunzitsi ayenera kusamala pa zinthu ziwiri. Choyamba, mawu oti "kutalika" amanena za mtunda woyenda komanso za msinkhu wa chinthu. Chiganizo choti "Sapitwa ndi wotalika mamita 3,002" chingachititse wowerenga kuganiza kuti muyesowo wayambira patsinde pa phiri. Ndi bwino kulemba kuti, "Nsonga ya Sapitwa ndi yokwera mamita 3,002 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere." Mawu oti "yamchere" asasiyidwe, chifukwa Nyanja ya Malawi payokha ndi yokwera mamita oposa 470.

Chachiwiri, mapu ambiri akale anayezedwa m'mafiti. Fiti imodzi ndi masentimita pafupifupi 30, kotero wokopera nambala osaona muyeso wake angalikweze phiri katatu.