Mmene Mpunga Umayamwira Zitsulo Zapoizoni

Mawu oyamba

Munda wa mpunga ukhoza kuoneka wobiriwira ndi kubereka bwino, pamene njere zake zili ndi poizoni wosaoneka ndi maso. Zitsulo ziwiri zimene zimavutitsa kwambiri pa mbewuyi ndizo aseniki ndi kadimiyamu. Zimachokera m'miyala ya pansi panthaka, m'madzi otuluka m'migodi ndi m'mafakitale, ndiponso m'feteleza wina wa fosifeti.

Polowera pake

Mizu ili ndi timipata toyamwira michere ya m'nthaka. Mpunga umafuna silikoni wambiri wolimbitsa mapesi ake, ndipo aseniki, pofanana naye m'mapangidwe, amalowera pa mpata womwewo. Kadimiyamu amalowera pa mpata wa manganizi. Kuchoka m'mizu, zitsulozi zimakwera m'phesi mpaka kukafika m'njere. Aseniki amachuluka m'gaga, choncho kupuntha mpunga kumamuchepetsa. Koma kadimiyamu wambiri amatsalirabe m'kati mwa njere.

Madzi ndiwo agwira nkhani

Madzi akaima m'munda nthawi yaitali, mpweya umatha m'dothi ndipo aseniki amasungunuka, mizu ndi kumuyamwa mosavuta. Munda ukauma, aseniki amachepa koma kadimiyamu ndiye amamasuka, makamaka m'dothi la asidi. Motero njira yochepetsa chimodzi ikhoza kuchulukitsa chinzake.

Kuopsa kwake

Ku Toyama, m'dziko la Japan, alimi ankathirira mpunga ndi madzi a mtsinje wa Jinzu amene anaipitsidwa ndi mgodi wa Kamioka. Anthu, makamaka amayi, anadwala impso ndipo mafupa awo ankathyoka. Mu 1968 boma linavomereza kuti kadimiyamu ndiye anayambitsa matendawo, otchedwa itai-itai. Aseniki naye amayambitsa khansa akamalowa m'thupi zaka zambiri. Muyeso wa bungwe la Codex Alimentarius pa mpunga wopuntha ndi mamiligalamu 0.2 a aseniki wa mtundu woopsa kwambiri, ndi 0.4 a kadimiyamu, pa kilogalamu imodzi.

Udindo wa mlangizi

1. Adziwe kumene madzi othirira akuchokera, makamaka ngati kumtunda kuli mgodi kapena fakitale.
2. Atumize dothi, madzi ndi njere ku malo ofufuzira zaulimi asanapereke malangizo.
3. Kumene vuto ndi aseniki, alimi azisiya munda uume masiku ochepa asanathirirenso.
4. Kumene vuto ndi kadimiyamu, athire laimu, ndipo madzi asaphwe m'munda pa nthawi yotulutsa ngala ndi yokhwimitsa njere.
5. Kumene poizoni wachuluka kwambiri, malowo asalimidwe mpunga.

Mlangizi wopereka malangizo a kathiriridwe dothi lisanayezedwe akhoza kukulitsa vuto limene amafuna kulithetsa.