Mankhwala oletsa magazi kuundana: wodula ndiye wabwino kodi?

MUKAMADUTSA m'makonde a masitolo a ku Kamwala kapena mu msika wa Luburma, simungadziwe kuti pakati pa amai opima zitenge ndi abambo omasula mabelo a salaula pali ena amene moyo wao wadalira kapilisi kamodzi patsiku. Kapilisiko ndi warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana.

Ambiri a iwo vuto linayamba ali ana. Zilonda za pakhosi zimene sizinacizidwe bwino zimatha kuononga tizitseko ta mu mtima, timene adotolo amachula kuti mavalavu. Kacitseko kakaonongeka, kapena mtima ukayamba kugunda mosalongosoka, magazi amadikha m'kacipinda ka mtima n'kupanga cibuma. Cibumaco cikathawira ku ubongo, munthu amagwa sitroko. Ndiye cifukwa cake odwala otere, pamodzi ndi aja amene anawaika valavu yacitsulo, amapatsidwa warfarin, kawirikawiri moyo wao wonse.

Mankhwalawa ndi akale. Anayamba kugulitsidwa ku America mu 1948 monga poizoni wa makoswe, ndipo mu 1954 anavomerezedwa kuti azicizira anthu. Tisacite mantha ndi mbiriyi, koma itiphunzitse kuti nkhani yagona pa muyeso. Akacepa, magazi aundana. Akaculuka, munthu ataya magazi, nthawi zina m'mimba kapena mu ubongo mmene maso saona.

Muyesowo sudziwika ndi mmene munthu akumvera m'thupi. Umadziwika popimitsa magazi, mpimo wochedwa INR. Kwa odwala ambiri nambala iyenera kukhala pakati pa 2 ndi 3, ndipo kwa ena a valavu yacitsulo pakati pa 2.5 ndi 3.5. Poyamba amapima pafupipafupi, ndipo nambala ikakhazikika amapima pafupifupi kamodzi pamwezi.

Apa ndi pamene pali mtengo weniweni wa warfarin. Pilisi lokha ndi lochipa. Codula ndi ulendo wa ku cipatala, ndalama ya minibasi, ya labu ngati mwapita kolipira, ndi tsiku lathunthu kantemba kali kotseka. Wa ku Kamwala kapena ku Kabwata ali ndi mwai cifukwa UTH ili pafupi, koma wa ku Chelstone amayamba wawerenga za m'thumba. Ena amangogula mapilisi n'kumamwa miyezi osapimitsa. Kumeneko ndi kuyenda usiku popanda nyali.

Cakudya naco cili ndi mbali yake. Lepu, cibwabwa, bondwe ndi ndiwo zina zamasamba zili ndi vitamini K, amene amacepetsa mphamvu ya warfarin. Sitikunena kuti musiye masamba, ai. Idyani monga mwa masiku onse, osati sabata ino mbale yodzaza, sabata yamawa osalawako. Mowa wambiri umasokoneza muyeso, ndipo mankhwala azitsamba ogulitsidwa m'mabotolo sitidziwa zimene zilimo.

Coopsa kwambiri ndi kusakaniza mankhwala. Septrin, Flagyl ndi fluconazole amawonjezera mphamvu ya warfarin mpaka munthu kukha magazi. Rifampicin wa TB amaicepetsa. Brufen, diclofenac ndi aspirin amatha kuyambitsa kukha magazi m'mimba. Mutu ukawawa, paracetamol pa muyeso wake ndiye woyenera. Kulikonse kumene mwapita, kaya ndi ku kiliniki ya Kamwala, kocotsa dzino kapena ku kemisiti, mau oyamba akhale akuti mumamwa warfarin.

Nanga mankhwala atsopano? Rivaroxaban, apixaban ndi dabigatran safuna kupimitsa INR ndipo sasokonezeka kwenikweni ndi ndiwo. Bungwe la World Health Organization linaika gulu la mankhwalawa pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2019. Kwa munthu amene mtima wake umagunda mosalongosoka koma mavalavu ali bwino, amathandiza ndithu, ngakhale mtengo wake umaposa wa warfarin kangapo.

Koma wodula sakhala wabwino kwa aliyense. Mu 2022 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wochedwa INVICTUS, amene anatsatira odwala oposa 4,500 a mu Africa, Asia ndi Latin America, onse a mtima woonongeka ndi matenda aja oyambira pakhosi komanso wogunda mosalongosoka. Imfa zinacepa pakati pa amene anali kumwa warfarin ndi mankhwala a gulu lake kuposa pakati pa amene anali kumwa rivaroxaban. Kwa a valavu yacitsulo, mankhwala atsopanowa ndi oletsedwa. Conco mwana wanu wa ku Johannesburg kapena ku London akakutumizirani bokosi lokongola, musasinthe musanaonane ndi adotolo. Paja safunsa anadya phula.

Aspirin ndi clopidogrel naonso salowa m'malo mwa warfarin. Nchito yao ndi ina. Amapatsidwa makamaka kwa amene mitsempha yodyetsa mtima inatsekekapo, ndipo amene anawaika kacubu kotsegula mtsempha sayenera kusiya okha ngakhale akumva bwino.

Amai a msinkhu wobereka amvetsetse izi. Warfarin amatha kuononga mwana m'mimba, makamaka miyezi itatu yoyamba. Kambiranani ndi adotolo musanatenge pathupi, cifukwa pali jekeseni wa heparin amene angagwire nchito panthawiyo. Mukazindikira kuti muli ndi pakati, musangosiya mapilisi, koma pitani ku cipatala msanga.

Zizindikiro zothamangira ku cipatala nazi: magazi a m'mphuno kapena m'nkhama osaleka, mkodzo wofiira, cimbudzi cakuda ngati phula la pamseu, kusanza magazi, msambo woculuka modabwitsa, mutu wowawa koopsa, kapena kugwa n'kumenyetsa mutu. Mukaiwala kumwa dzulo, musamwe awiri lero.

Gulani mankhwala mu kemisiti yolembetsedwa ndi ZAMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno, osati pa thebulo la m'mbali mwa mseu. Amene muli pa inshuwalansi ya NHIMA, imene inabwera ndi lamulo la mu 2018, funsani ngati mpimo ndi mapilisi anu zikulowamo musanatulutse ndalama.

Ku Unduna wa Zaumoyo pempho lathu ndi limodzi. National Heart Hospital ikucita maopaleshoni a mtima kuno kwathu, ndipo tikuyamikira. Koma wodwala akatuluka ndi valavu yatsopano, moyo wake umatsalira pa INR. Timakina topima ndi dontho limodzi la pacala tilipo kale padziko. Tifike m'makiliniki a m'makomboni, kuti mai wa ku Luburma apimitse m'mawa n'kukatsegula kantemba kake dzuwa lisanakwere.