SITIMA YA PA NTHAWI YA NKHONDO YA AJEREMANI INAGONEKEDWA PA MONKEY BAY

Caka ciliconse m'mwezi wa November, akuluakulu a Boma ndi a usilikali amasonkhana pa cipilala ca cikumbutso mu Independence Avenue, muno mu Lusaka, kudzaika nkhata za maluwa. Lipenga limalira, anthu nakhala cete. Koma mu Matero, Chawama ndi Kanyama muli mabanja ocokera ku Chipata ndi ku Malawi amene makolo ao anasenza katundu pa nkhondo ya Ajeremani ya 1914 mpaka 1918, ndipo maina a makolowo sachulidwa pamwambowo.

Mbiri yao yalukana ndi ya sitima ina ya pa Nyanja ya Malawi, yochedwa Chauncy Maples. Sitimayi inapangidwa ku Glasgow, nibwera ziduswaziduswa kudzera mumtsinje wa Zambezi ndi wa Shire. Pamene panali mathithi, zitsulozo zinayenda pamitu ya anthu. Inayamba nchito mu 1901 monga sitima ya amishoni a UMCA, kunyamula ansembe ndi aphunzitsi. Dzina lake ndi la bishopu amene anamira m'nyanja yomweyo mu 1895.

Nkhondo inafika msanga panyanjapo. Mu August 1914, Kaputeni Rhoades wa sitima ya Angerezi, Guendolen, anaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, pa Sphinxhaven, malo amene lero ndi Liuli, m'dziko la Tanzania. Kucokera apo nyanja inakhala m'manja mwa Angerezi, ndipo Chauncy Maples, sitima ya Uthenga Wabwino, inatengedwa kuti izinyamula asilikali ndi zida kupita kumpoto.

Komatu sitima imalekeza padoko. Kucokera pamenepo ufa, mpunga ndi mabokosi a zipolopolo zinakwera mapiri pamitu ya amtengatenga, amuna amene mafumu anakakamizidwa ndi Boma la atsamunda kuwapereka. Boma la Fort Jameson, Chipata wa lero, nalo linatumiza anthu ake. M'midzi munatsala akazi ndi nkhalamba, minda nigonera, njala nilowa.

Nkhondo itatha sitimayo inabwerera kwa amishoni. Pambuyo pake inagwira nchito ya usodzi, kenaka Boma la Malawi linaisandutsa yonyamula anthu, kufikira inagonekedwa pa doko la Monkey Bay m'zaka za m'ma 1990. Anthu akufuna kwabwino anasonkha ndalama kuti aisandutse cipatala coyenda pamadzi, koma nchitoyo sinafike kumapeto.

Zitsulo zili ndi mwai, pakuti mfuti ya Guendolen inasungidwa pa Mangochi, pafupi ndi nsanja ya koloko. Ku Mbala, kumene Ajeremani anatula zida pa 25 November 1918, kuli cipilala. Amtengatenga amene anafa ndi kamwazi, njala ndi cimfine cacikulu ca 1918 anaikidwa m'mbali mwa njira, ambiri a iwo popanda mwala wolembedwa dzina.