Sukulu yopanda belu: udindo wa mphunzitsi ndi udindo wa wophunzira

Kale mwana akafuna maphunziro apamwamba ankayenera kunyamula chikwama n'kupita ku Tete, ku Beira kapena ku Maputo. Masiku ano alipo maphunziro ena a kuyunivesite amene mnyamata kapena mtsikana angathe kuwatsata ali ku Ulongwe kapena ku Zóbuè, malinga akhale ndi kompyuta, intaneti ndiponso Chingerezi chokwanira. Ena mwa maphunzirowa ndi otchedwa CS50, a yunivesite ya Harvard ku America, amene amaphunzitsa kulemba mapulogalamu, ndiye kuti malangizo amene kompyuta imatsata pogwira ntchito.

Mphunzitsi wake wamkulu ndi a David Malan, omwe anayamba kuwatsogolera m'chaka cha 2007. M'chaka cha 2012 maphunzirowa anatsegulidwa kwa aliyense pa intaneti, kwaulere. Koma sukulu yotere ilibe belu, ndipo palibe woitana mayina m'mawa. Nanga ndani amaona kuti mwana akuphunziradi?

Mbali ya aphunzitsi ndi yoonekeratu. Amajambula phunziro lililonse pa kanema kuti munthu aonere nthawi imene wapeza mpata, ngakhale usiku atachoka kumunda. Amakonza ntchito zoti wophunzira achite, kuyambira zosavuta za Scratch mpaka zolimba za C, Python ndi SQL. Anapanganso chida chotchedwa check50, chimene chimayesa ntchito ya munthu n'kumuuza pamene yalakwika asanaitumize. Malamulo nawo anawalemba poyera, kuti wina asadzati sanadziwe.

Katundu wolemera ali pamutu pa wophunzira. Kuti alandire satifiketi ayenera kupeza malikisi osachepera 70 pa 100 pa ntchito iliyonse, kenaka n'kupanga pulogalamu yakeyake pomaliza. Apa ndi pamene chiyeso chimabwera, pakuti mayankho a anthu ena ali mbwee pa intaneti, ndipo kukopera kumatenga mphindi imodzi pamene kudzilembera kungathe masiku atatu.

Lamulo la CS50 pa nkhaniyi ndi lalifupi. Wovutika angathe kuonetsa mnzake ntchito yake kuti amuthandize kupeza cholakwa, koma iyeyo saloledwa kusuzumira ntchito ya mnzakeyo. Kufunsa ChatGPT kuti ikulembere yankho n'koletsedwa. M'malo mwake, m'chaka cha 2023 aphunzitsi anakonza chida chawochawo chokhala ndi chithunzi cha bakha, chimene chimalozera wophunzira njira koma osamulembera ntchitoyo. Apa aphunzitsi anachita bwino: sanangotseka khomo, anatsegula lina.

Musaganize kuti kubera n'kwa ana a kumudzi okha ai. Pa Harvard pomwepo, ophunzira oposa 60 a CS50 a m'chaka cha 2016 anakaonekera ku komiti yoona za chilungamo pa mlandu umenewu. Ntchito zotumizidwa zimayerekezedwa ndi makina, ndipo kusintha mayina awiri atatu m'pulogalamu yokopera sikubisa mwini wake.

Chochititsa chidwi ndi lamulo limene a Malan anaika m'chaka cha 2014. Wophunzira amene wabera, mwina chifukwa cha kutopa kapena mantha a tsiku lomaliza, akadziulula yekha pasanathe maola 72, angathe kutaya malikisi a ntchito imeneyo koma nkhaniyo osapita ku bwalo lalikulu la yunivesite. Zili ngati mbusa amene ng'ombe zake zadya chimanga cha eni, n'kupita yekha kukagwada mwini munda asanafike kwa amfumu.

Inu makolo amene mumagulitsa mbatatesi kapena nyemba kuti mwana agule intaneti, muli ndi gawo lanu ngakhale simudziwa Chingerezi. Musangofunsa za satifiketi. Muuzeni atsegule kompyuta, akuonetseni pulogalamu imene walemba sabata ino, ndipo akufotokozereni m'Chichewa chimene mzere uliwonse ukuchita. Wodzilembera yekha amalozanso ndi pamene anavutikira, ndi tsiku limene anapeza cholakwacho.